Mtima ukasweka, kodi munthu amabwereranso? Mafunso ndi mayankho pa za kuchira mu mzimu

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikucheza ndi anthu amene adaona zoopsa kuno ku Kasungu: amayi anzanga a ku Chigwirizano cha kumpingo, anyamata a kabaza, matenanti a m'maesiteti a fodya, ndi ena ochokera m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango. Sindine dokotala, sindinenso m'busa. Ndine mayi amene adaphunzirako za uphungu, ndipo madzi amenewa nanenso ndidawaolokapo. Mafunsowa ndi amene amabwera kawirikawiri, ena pa WhatsApp, ena pakhonde tikutongola chimanga, ena monong'ona tikutuluka m'tchalitchi. Ndawalemba monga momwe eni ake amawafunsira.

Zidachitika kalekale. Nanga bwanji thupi langa likuchita ngati zachitika dzulo?

Thupi siliwerenga kalendala. Munthu akaonana ndi imfa, kaya pangozi ya pamsewu, mbava zitathyola chitseko usiku, kapena pogwiriridwa, thupi limadzikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana. Mtima umagunda mothamanga, mpweya umaperewera, m'mimba mumazizira. Ena amangouma gwaa, osatha kukuwa kapena kusuntha, ndipo pambuyo pake amadzida kuti bwanji sindidakuwe. Si kupusa kumeneko. Thupi limasankha lokha lisanakufunseni. Vuto limadza pamene choopsacho chapita koma thupi silidamve kuti chapita. Limakhala ngati galu wa pakhomo amene adalumidwapo ndi fisi: tsamba likangoti tswaa, iye wayambapo kuuwa.

Ine ndidachita ngozi ya minibasi pa msewu wa M1 ndikuchokera ku Lilongwe. Mabala a m'miyendo adapola m'miyezi iwiri. Koma kwa chaka chathunthu, ndikangomva fungo la tayala lopsa, mawondo ankatha mphamvu ndipo ndinkamvanso kukuwa kwa mayi amene ndidakhala naye mpando umodzi.

Kwa anthu ambiri zimenezi zimachepa zokha pakapita masabata angapo. Zikapitirira mwezi, munthu n'kumalotabe zomwezo, kumazemba malo kapena anthu omukumbutsa, kumadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, mpaka ntchito ndi banja kusokonekera, achipatala amati ndi PTSD. Ndi vuto lodziwika ndipo thandizo lake lilipo.

Anthu akuti ndasintha, inenso sindikudzizindikira. Kodi munthu amene ndidali uja adzabweranso?

Funso limeneli ndi limene limandigwira mtima kuposa onse, ndipo ndiliyankha mosabisa. Sadzabwera ndendende monga adalili. Amene akukulonjezani kuti mudzakhala ngati palibe chidachitika akukunamizani, ngakhale akutero mwachikondi.

Koma taonani dambo likapsa m'mwezi wa Okutobala. Ponseponse pamakhala bii, phulusa lokhalokha. Mvula yoyamba ikagwa, msipu umatuluka. Udzuwo ndi watsopano, koma mizu ndi yomwe ija. Mizu yanu ndi zimene mumakonda, zimene zimakunyansani, kasekedwe kanu, nyimbo imene mumaing'ung'udza posinja, mfunda wanu, anthu amene mumawalakalaka. Moto udadutsa pamwamba pake.

Chimene nkhanza zimaba kwenikweni ndi umwini. Munthu amene wazunzidwa nthawi yaitali amaphunzira kuwerenga nkhope za ena asanayankhule. Amavomera chilichonse. Mukamufunsa kuti muli bwanji, yankho limakhala lokonzeratu: tili bwino, kaya inu. Mukamufunsa ndiwo imene akufuna, sadziwa, chifukwa padapita zaka osafunsidwa. Khalidwe limeneli lidamupulumutsa panthawiyo, choncho sitilinyoza. Koma si iyeyo. Ndi chovala chimene adavala pothawa mvula, ndipo mvula itakata chidamukanirira.

N'chifukwa chake kudzipezanso kumayambira pa tinthu timene anthu ena angatiseke. Kusankha nokha chitenje pamsika wa pa boma popanda kuganiza kuti wina anena chiyani. Kunena kuti ayi kamodzi pa sabata, ngakhale mawu akunjenjemera. Kubwerera ku kwaya, ku dimba, ku banki mkhonde. Mayi wina adandiuza kuti tsiku limene adazindikira kuti akadalipo ndi tsiku limene adathira tsabola m'ndiwo zake, pakuti mwamuna amene ankamumenya sankadya tsabola.

Kwa inu owerenga Baibulo, kumbukirani Naomi. Atataya mwamuna ndi ana ake awiri, adauza amayi a ku Betelehemu kuti asamutchenso Naomi koma Mara, kutanthauza kuwawa. Palibe amene adamudzudzula. Koma pamapeto pa nkhaniyo amayi omwewo akumutchabe Naomi, atanyamula khanda pachifuwa. Ana ake sadauke, koma dzina lake anzake adamusungira mpaka atakonzeka kulitenganso. Ngakhale Yesu adauka ndi zipsera za misomali, Tomasi n'kuziona.

Ena akuti ndi ziwanda, ena akuti ndidalodzedwa. Zoona ndi ziti?

Sindikutsutsa kuti dziko la mizimu lilipo. Ndidakulira m'mudzi ndipo ndine Mkhristu. Koma ndimafunsa funso limodzi: zidayamba liti? Ngati kubwebweta usiku, kumva ngati wina wakukhalani pachifuwa, kapena kuona nkhope ya wakufa zidayamba pambuyo pa ngozi, maliro kapena kugwiriridwa, gwero lake talipeza kale. Chilonda chili ndi chochititsa chake.

Pali zoopsa ziwiri pothamangira ziwanda. Choyamba, mtsikana amene adagwiriridwa akauzidwa kuti ali ndi mzimu wa chigololo kapena mwamuna wa usiku, katundu wachoka pamutu pa wolakwa n'kusenzetsedwa wolakwiridwa. Chachiwiri, ufiti umafuna mwini wake, ndipo chala chimakonda kuloza agogo osauka a kumapeto kwa mudzi. Agogo ambiri m'dziko muno amenyedwa ndi kuphedwa motero. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Komanso kukomoka, kugwa khunyu, kapena kusokonezeka mutu limodzi ndi kutentha thupi n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Malungo okwera ku ubongo sadikira kuti pemphero la usiku wonse lithe.

Ndikapita kuchipatala, kodi si kusonyeza kuti chikhulupiriro changa n'chochepa?

Tayang'anani amene adamanga zipatala zambiri za kuno. Nkhamenya ndi cha Akatolika. St Andrew's ku Mtunthama ndi cha Angilikani. Ku Mchinji kuli Kapiri, Guilleme ndi Ludzi, zonse za mishoni. Chipatala cha St John of God, chodziwika ndi za matenda a maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi cha mpingo. Anthu amene ankapemphera kuposa ife ndi amene adaika chipatala pafupi ndi tchalitchi.

Mneneri Eliya atathawa Yezebeli, adagona pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mngelo sadamulalikire. Adamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Ambiri amaopa kuti akakangotchula za maganizo pachipatala, basi ulendo wa ku Zomba. Si choncho. Ku Zomba Mental Hospital kumapita odwala kwambiri. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mukafika pa chipatala chachikulu cha Kasungu kapena cha Mchinji, funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, ndipo nenani kuti mukufunanso uphungu, osati mapiritsi okha. Akakupatsani mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa, dziwani kuti amatenga masabata awiri mpaka anayi kapena kuposerapo kuti ayambe kumveka m'thupi, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala, kaya amenewa kaya ma ARV, pofuna kuonetsa chikhulupiriro, sadzakhalapo pokumba manda.

Sindikuthanso kupemphera. Kunena zoona ndamukwiyira Mulungu. Kodi ndachimwa?

Werengani Salimo 13, pamene wolemba akufunsa Mulungu mobwerezabwereza kuti adzamuiwala mpaka liti. Werenganinso Salimo 88, limene limathera mumdima popanda aleluya. Mapemphero amenewa sadafufutidwe m'Baibulo. Abale athu Achisilamu amadziwanso za Yakubu, amene adalira mwana wake Yusufu mpaka maso adayera, koma amawerengedwabe pakati pa opirira. Munthu sakwiyira amene sakumuwerengera.

Ngati mawu sakutuluka, musawakakamize. Khalani kumbuyo m'tchalitchi, ena aziimba inu mukungomvera. Ku mphakati kapena ku Chigwirizano auzeni kuti lero mundipempherere, ine ndilibe mawu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi zina chikhulupiriro chimasenzedwanso ndi anzako. Ngati amene adakuvulazani ali mu mpingo womwewo, kapena ndi mtsogoleri wake, kukapemphera kwina si kubwerera m'mbuyo.

Nanga ngati choopsacho chikadalipo?

Pamenepo tiyambe ndi chitetezo, za mumtima zibwere pambuyo. Chilonda sichipola munga uli momwemo.

Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kudzaikidwa mu nkhalango ya Kasungu. Kuyambira pamenepo midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi, kuno ndi kutsidya ku Zambia, yaona minda ikuonongeka, ndipo anthu ena aphedwa. Bambo amene amagona khutu lili kumunda, akumvetsera kuthyoka kwa mapesi, sindingamuuze kuti mantha ake ndi matenda. Mantha ake ndi nzeru. Chimodzimodzi mayi amene akugonabe nyumba imodzi ndi womumenya. Amene akufunika poyamba ndi malo othawirako, mbale wodziwa nkhaniyo, kandalama kobisa, a Victim Support Unit ku polisi, ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wozunzayo kuyandikira kapena kuvutitsa wodandaula.

Ankhoswe ndi akumpingo akundiumiriza kuti ndikhululuke. Ndikakanika ndiye kuti sindichira?

Mawu akuti kukhululuka timawasenzetsa zinthu zitatu zosiyana: kusiya kufuna kubwezera, kubwererana, ndi kuthetsa mlandu. Choyambacho ndi cha inu ndi Mulungu wanu, ndipo chimabwera pa nthawi yake, kawirikawiri mkwiyo utapatsidwa kaye malo. Chachiwiri chimafuna kuti winayo asinthedi. Yosefe sadangowakumbatira abale ake atangowaona ku Iguputo. Adayamba wawayesa kuti aone ngati akadali anthu ogulitsa m'bale wawo. Chachitatu si chanu nokha. Mlandu wogwirira mwana suthera pabwalo la amfumu ndi mbuzi kapena nkhuku, ndi wa polisi ndi khoti.

Ndaona kuti amene amafulumiza kukhululuka nthawi zambiri ndi amene nkhaniyo ikuwachititsa manyazi. Akufuna mudzi ukhale chete, osati kuti inu muchire. Zoti banja ndi kupirira n'zoona pa umphawi, pa matenda, pa chaka cha njala. Pa chibakera ayi.

Kodi miyambo ya makolo ili ndi gawo pa kuchira?

Ili nalo, ndipo makolo athu ankadziwa zambiri zimene masiku ano tikuziphunzira m'makalasi. Taganizani za maliro a Chichewa. Namfedwa sasiyidwa yekha. Amayi amagona naye m'nyumba ya siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amakumba manda, chipepeso chimabwera. Kulira kumaloledwa, mokweza. Kenako pali kumeta, chizindikiro chooneka ndi maso chakuti gawo lina latha, ndipo tsitsi likamamera munthu amaona yekha kuti masiku akuyenda. Patapita nthawi anthu amasonkhananso pa bona kapena poika chiliza. Chisoni chidapatsidwa njira yoyendamo, ndi malo opumirapo.

Kumpoto kwa boma lino, kumene kuli Atumbuka ambiri, kuli vimbuza, gule wochiritsa amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Kaya mumakhulupirira zotani za mizimu yake, onani zimene zimachitika: wodwala ali pakati, abale amuzungulira, ng'oma ikulira, thupi likutulutsa zimene pakamwa padalephera kunena. Mayi amene sakanatha kudandaula pamaso pa apongozi ake amapeza pomvekera. Kwaya ndi chitelele zimagwiranso ntchito yofananako.

Amene amavutika kwambiri ndi amene sadalire maliro bwino: mwana adafera ku Joni n'kuikidwa komweko, kapena mtembo udabwera m'bokosi losatsegula. Kwa otere ndimalangiza kuti banja lichite kanthu kooneka, kaya mapemphero a chikumbutso, kaya kudzala mtengo, kaya kungokumana n'kutchula dzina la malemuyo.

Koma si mwambo uliwonse umene uli mankhwala. Kukakamiza mayi wamasiye kugona ndi mwamuna kuti amuyeretse, kulowetsa fisi kwa namwali, ndi kulanda katundu wa amasiye ndi mabala atsopano pamwamba pa akale. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011.

Ndine bambo. Kwathu amati mwamuna salira. Ndiyambire pati?

Mwamuna amalira ndithu, kungoti misozi yake imatulukira kwina: m'kachasu, m'chamba, m'kukalipira ana, m'kuthamanga kwa magazi. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti mwa anthu odzipha m'Malawi muno, ochuluka kwambiri ndi amuna. Kuno kwathu timazidziwa nyengo zake. Munthu wavutika chaka chonse, kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, fodya n'kukabwezedwa kapena kugulidwa motchipa ku okushoni ya Chinkhoma, ngongole ya feteleza ili pakhosi, matenanti akudikira malipiro.

Bambo, simukufunika kukhala pabwalo n'kumalira. Abambo ambiri amamasuka manja akugwira ntchito: pokonza njinga, posoka fodya, pa bawo, poyenda kupita kudimba. Sankhani mnzanu mmodzi wosunga pakamwa, kapena amalume, kapena mkulu wa mpingo, muyambe ndi mawu ochepa: achimwene, masiku ano sindikugona.

Kodi ndiyenera kufotokoza zonse, kapena kuchitira umboni pamaso pa mpingo?

Ayi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Nkhaniyo ndi yanu, ndipo kusankha woti aimve ndi mbali ya kutenganso umwini uja. Masiku ano umboni wa Lamulungu umapezeka pa Facebook Lolemba. Munthu mmodzi kapena awiri odalirika akwanira, ndipo munene pang'onopang'ono, mpaka pamene mtima walola.

Womvetserayo sachita kufunika digiri. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala. Njirayi idathandiza anthu ambiri ndipo idafika m'maiko ena, kuphatikizapo Malawi.

Ndingadziwe bwanji mneneri kapena sing'anga woti ndimuthawe?

Akafuna ndalama, mbuzi kapena mbewu musanathandizidwe, mtengo wake n'kumakwera. Akafuna kukupemphererani awiriwiri m'chipinda kapena kuphiri usiku, kapena kukhudza thupi lanu mobisika. Akakutchulirani wachibale kuti ndiye wakulodzani. Akakuletsani chipatala. Akamanga munthu ndi chingwe, kumukwapula kapena kumusalitsa kudya masiku ambiri. Mtumiki woona mumachoka kwa iye mtima uli m'malo, ndipo sakwiya mukanena kuti mupitanso kwa adokotala.

Usiku ndiye povuta. Ndichite chiyani zikandibwerera?

Dzukani, pondani pansi ndi mapazi opanda nsapato, muyatse tochi. Tchulani mokweza kumene muli, tsiku lake, ndi zinthu zisanu zimene mukuziona: ndowa, mphasa, chitseko. Kokani mpweya ndi mphuno, muutulutse pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana. Kutulutsako kutalike kuposa kukoka, chifukwa n'kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Sambani kumaso ndi madzi ozizira. Ena amabwereza vesi limodzi lalifupi, ena amagwira korona kapena tasibihi. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, maloto n'kubwera oipirapo.

Mbale wanga ndiye adaona zoopsa. Ndimuthandize bwanji?

Anzake a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwitsa atatsegula pakamwa. Pitani, khalani naye, mtungireni madzi, mperekezeni kuchipatala. Pewani mawu akuti iwalani, limbani mtima, ena adaona zoposa izi, kapena nanga iwe unkakatani kumeneko. Akakuuzani, mukhulupirireni.

Ana sanena, amaonetsa. Mwana amene adasiya kukodza pogona n'kuyambiranso, amene wayamba kukakamira mayi ake, kuopa munthu wina wake, kapena kulephera m'kalasi mwadzidzidzi, musamukwapule. Mufunseni modekha muli awiri.

Zangochitika kumene, kapena munthu akulankhula zodzipha. Tichite chiyani lero?

Wogwiriridwa apite kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, komanso oletsa kutenga mimba. Ngati n'kotheka asasambe ndipo zovala zisachapidwe, koma ngakhale atasamba apitebe. Za ana imbani 116, za nkhanza kwa amayi ndi abambo imbani 5600. Manambala onsewa ndi aulere.

Munthu akamati bola kufa, akamagawa katundu wake, kapena kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera fodya ndi mbewu, a makoswe, zingwe ndi mapiritsi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndidzadziwa bwanji kuti ndikuchira?

Palibe angakupatseni tsiku. Ena miyezi, ena zaka, ndipo njira yake ndi yokhotakhota: mumakhala bwino, kenako mwezi umene zidachitikira ukafika, kapena mukamva nyimbo ya pamaliro paja, mumapezeka mwagweranso. Kumeneko si kuyambiranso pachiyambi.

Kawirikawiri ena ndi amene amayamba kuona. Mwana amati amayi, lero mwaseka. Nsima imayambanso kukoma. Mumakwiya pamene pakufunika kukwiya. Mumakumbukira chidachitikacho, n'kumva kuwawa, koma mukudziwa kuti muli pano ndipo lero ndi lero.

Ine ndidatha chaka ndi miyezi inayi osakwera minibasi. Tsiku loyamba ndidangopita pa depoti n'kubwerera. Lachiwiri ndidakwera ndi mng'ono wanga mpaka pa Chinkhoma, manja ali thukuta lokhalokha, ndikuwerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu. Pano ndimafika ku Lilongwe ndekha. Ndimasankhabe mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo dalaivala akayamba kuthamanga ndimamuuza kuti achimwene, chepetsani liwiro kapena munditsitse pompano.